Ola Limene Ndinachotsa

"Seva yachiwiriyi ikutsalira ndi ola lathunthu," ndinatero, ndikugogoda galasi la kompyuta ndi cholembera. "Anaikonza chonchi ndani?"

"Ndine," anayankha Adekhani osatembenuka n'komwe. Anali mayi wachikulire woyang'anira makina pabungwe lathu lofufuza anthu osowa, ndipo dzinalo anzathu anawapatsa chifukwa cha mawu amene sankachoka pakamwa pawo. "Ndinaichedwetsa dala, achimwene. Dekhani."

Ndinaseka chamumtima. Ndinali nditangofika kumene ndi satifiketi yonunkhira inki, matama ali tho. Maseva anali makompyuta awiri osunga mayina ndi zonse za anthu osowawo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti seva yachiwiri izikopera nthawi yomweyo chilichonse cholembedwa mu yoyamba, kuti ina ikafa inzake ipitirize ntchito. Nanga yotsalira ndi ola ndi yachiyani? Panalinso diski yosungira malogu, timafayilo timene seva imalembamo chilichonse chimene chasintha. Diskiyo inkangodandaula kuti yadzaza.

Adekhani atapita kutchuthi, kuchedwa kuja ndinakuchotsa. Kusunga malogu ndinakuimitsa, poganiza kuti ndidzayambitsanso tikapeza diski ina, kenako ndinaiwala. Kwa milungu iwiri ndinkakodola aliyense wodutsa kuti adzaone maseva anga akuyendera limodzi ngati mapasa.

Lachinayi lina masana ndinati ndichotse mayina olembedwa kawiri. Ndinkatayipa uku ndikucheza pafoni, ndipo ndinasiya mzere wouza makina kuti achotse mayina ati. Anachotsa onse. Ndinatsegula seva yachiwiri ndikudzilimbitsa kuti bola iyo ilipo, koma inali itatsanzira kale inzake. Munalibe ngakhale dzina limodzi.

Nditawaimbira foni, Adekhani anabwera atavala zapakhomo, masilipasi kumapazi. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

"Musade nkhawa, malogu atithandiza," anatero. "Tibwereza zonse mpaka mphindi imodzi musanalakwitse. Ali kuti?"

"Ndinaimitsa, mayi."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ola lija silinali la makina ayi," anatero motsitsa mawu. "Linali lanu ndi ine. Makina sazengereza, koma munthu amayamba walakwitsa kenako n'kumazindikira."

Tinabwezeretsa kope la zonse za mu seva limene tinkatenga Lamlungu lililonse. Za Lolemba mpaka Lachinayi tinazitolera m'mafomu a mapepala, ndipo zonse zinapezeka kupatula chinthu chimodzi.

Panali mayi wina amene ankabwera Lachisanu lililonse kudzafunsa za mwana wake wamkazi, yemwe anasiyana naye pothawa madzi osefukira chaka chapitacho. Lachitatu la sabata imeneyo bambo wina anaimba, kunena kuti akudziwa kumene kuli kamtsikana kofanana ndi kachithunzi ka mwanayo kamene tinafalitsa, ndipo anati timuimbire Lachisanu akakhala atafika komweko. Mlembi wathu anatayipa nambala ya bamboyo m'kompyuta osailemba pena paliponse. Foni ya padesiki yake inali yakale, yosasunga manambala. Mayi uja anali atauzidwa kale kuti abwere, pali uthenga.

Anafika m'mamawa, m'manja muli kajumbo. Munali kadiresi katsopano.

"Ndagula kokulirapo," anatiuza akumwetulira. "Ana amakula msanga."

Ndinayesa kufotokoza za maseva ndi malogu, koma mapeto ake ndinangomuuza kuti nambala ya bambo uja yatayika. Mlembi, misozi ili chuchuchu, analemba papepala manambala amene ankawakumbukira. Atatu omalizira anamuthawa, ndipo m'malo mwake anangoika timizere.

Mayiyo anayang'ana pepalalo, kenako anayang'ana ine.

"Ndiye asowa atatu okhawa, bambo?"

"Eya, mayi. Koma atatu amenewo angathe kukhala nambala chikwi chimodzi. Mwinanso enawo sanawakumbukire bwino."

"Chikwi n'chochepa," anayankha. "Ine ndadikira chaka."

Bambo uja sanaimbenso. Kusunga malogu ndinayambitsanso tsiku lomwelo, ola lija ndinalibwezera, ndipo chiyambire sindinataye kanthu kena. Koma ndikamakumbukira ntchito imene ija, sindiona makina. Ndimaona benchi ya pakhonde la ofesi, mayi uja atakhala, kajumbo kali pamiyendo, foni ili kukhutu.

"Pepani bambo, ndalakwitsa nambala," ankatero mwaulemu. Akatero ankalemba kamzere kuseri kwa pepala lija, n'kuyamba kudina yotsatira.