Zitoliro za a Eugene

Upile atawaimbira foni kuti malume ake a Brendan akufuna kuwaona Loweruka ku South Bend, a Kingsley Mataka anatulutsa suti yawo yakuda n'kuipititsa kochapitsa. Uthenga umenewu anali akuudikira kuyambira tsiku limene mtsikanayo anafika kunyumba kwawo ku Beech Grove ali ndi mphete pachala.

Upile anali mwana wa malemu mlongo wawo, ndipo anamulera ndi iwowo kuyambira ali wamng'ono. Brendan, mnyamata womukwatirayo, anali mzungu wa makolo ochokera ku Ireland. A Kingsley analibe naye chifukwa. Koma banja siliyenda ndi anthu awiri okha. Pamafunika nkhoswe kuchikazi ndi nkhoswe kuchimuna, anthu oti m'nyumba mukavuta aitanane, akhale pansi. Kuchikazi nkhoswe anali iwo, koma impso zawo zinali zitayamba kale kuwakana, moti masiku ena pa sabata ankaswera pa makina otsuka magazi ku chipatala cha m'tauni. Ankafuna munthu wa mbali inayo woti amuyang'ane m'maso, amusiyire mwanayo.

Anadiraiva ndi Upile. Njira yonse, pakati pa minda ya chimanga yotsala mapesi okhaokha, a Kingsley ankakonza mawu awo chamumtima m'Chingerezi.

Nyumba inali yaing'ono, ya njerwa. Anawatsegulira ndi a Eugene eni akewo, malume ake a Brendan aja, mkulu wamtali wa imvi, atavala juzi yobooka pachigongono. A Kingsley anasuzumira mkati kufuna kuona abale ena, koma munalibe aliyense, ngakhale Brendan yemwe. Upile anati mnyamatayo anali ku ntchito. Pakati pa chipinda chochezera panali mpando umodzi wopanda manja.

Atamwa tiyi, a Eugene anakhala pampandopo n'kutsegula bokosi. Anadzimanga lamba m'chiuno, n'kupanira kamvukuto pansi pa chigongono cha kumanja ndi thumba lachikopa kukhwapa kwa kumanzere. Zitoliro zina anazigoneka pamiyendo, chimodzi anachiimika pabondo. Anafotokoza kuti zitoliro za kwawozi saziuzira ndi pakamwa ayi, mpweya umachokera ku mvukuto, ndipo woimba sayenda nazo, amakhala pansi basi.

Apa m'pamene Upile, nkhope ili ngwee, anaulula chimene anabwerera. Anayankhula m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Brendan anali atapempha chinthu chimodzi chokha pa ukwati wonse, kuti mkwatibwi alowe m'tchalitchi ndi zitoliro za makolo ake. Tsono popeza womugwira mkono polowapo anali Ankolo, iye anaganiza zowapatsa ulemu woti nyimboyo asankhe ndi iwo.

A Kingsley anayang'ana suti yawo, n'kugwedeza mutu kuvomera.

A Eugene anayamba kuliza. Nyimbo yoyamba inali yothamanga, yovinira, ndipo phazi la a Eugene linkagunda pansi. Yachiwiri inali yopanda poponda, yongokoka mawu ngati munthu woitana mnzake wa kutsidya. Upile anatsinzina pomvera. Itatha, a Eugene anaseka pang'ono n'kunena kuti akwatibwi ambiri amakonda imeneyo osadziwa kuti ndi yolira anthu amene anawoloka nyanja osabwerera. Yachitatu inali ya ndawala, koma yodekha, yoti munthu n'kuyenda nayo osapupuluma.

Mawu a zitoliro atazima, a Kingsley anakhosomola, n'kusendera kutsogolo kwa sofa.

"Bambo Eugene, nyimbo ndazimva, n'zabwino. Koma ine ndabwera ndi nkhani ina. Kwathu, mlongo wa mayi ndiye amaimira mwana pa banja. Ine ndikuimira uyu. Inu ndinu mlongo wa mayi ake a Brendan. Ana awa akadzasemphana, ndikufuna ndidziwe kuti uyu angathe kugogoda pakhomo pano, inu n'kumuitana mnyamatayo, n'kumukhazika pansi."

A Eugene anayendetsa zala pa mabowo a chitoliro. Kenako anayankha mofatsa, mosafuna kukhumudwitsa mlendo. Anati mwambowo ndi wokoma, ndipo akanakonda kwawo kukanakhala zotero. Koma iwo ndi mlongo wawoyo sanayankhulanepo chiikireni maliro a bambo awo. Brendan anamuona komaliza ali pa sukulu ya pulayimale, ndipo chaka chino mnyamatayo anachita kuwapeza pa intaneti n'kuwabukitsa kuti adzaimbe pa ukwatiwo, ngati mmene amachitira wina aliyense.

"Ndaimba pa maukwati ambiri, Bambo Mataka. Ena ndinangomva kuti anatha. Palibe amene anabwera kudzandiuza, nanenso sindinafunse. Mnyamata ameneyu ndingamuitane, koma abwera chifukwa chiyani?"

A Kingsley anafunsa ngati panali mchimwene wina, kapena bambo aang'ono. Panalibe. Bambo ake a Brendan anali ku Arizona ndi mkazi wina. A Eugene anatchula za ansembe, n'kutchulanso za alangizi a mabanja okhala ndi maofesi m'tauni, amene anati ena amawayamikira.

"Ankolo, chonde," anatero Upile chapansipansi. Chichewa chimene anayankhula tsiku lonselo chinali chokhacho.

A Kingsley anabwerera m'mbuyo n'kutsamira sofa. Patapita kanthawi anafunsa kuti mwa zitatuzo yaifupi inali iti, chifukwa miyendo yawo inkatupa ndipo sakanatha kuima nthawi yaitali. A Eugene anati asadandaule, ya ndawala ija akhoza kuidula kapena kuitalikitsa. Iwo adzakhala pafupi ndi guwa n'kumayang'ana mapazi a a Kingsley, akadzafika kutsogolo nyimbo idzathera pomwepo.

"Ikhale imeneyo," anatero a Kingsley.

Anagwirana chanza pakhomo. A Eugene anawafunira ulendo wabwino n'kutseka chitseko msanga chifukwa cha mphepo.

Pobwerera Upile anali wokwiya pang'ono, kenako anayamba kuwanyengerera. Anati Brendan ndi munthu wabwino, sakweza mawu, ndipo iwo awiri amakambirana chilichonse. Anatinso Ankolo asamayankhule ngati akupita kwina. A Kingsley anavomera zonse. Ankadziwa kuti mwanayo sakunama, ankadziwanso kuti mabanja onse amayamba choncho.

Atadutsa tauni ya Kokomo, a Kingsley anatsegula pakamwa kuti amuuze kumene adzapite zinthu zikadzavuta iwo kulibe. Anaganizira amuna a ku mpingo wawo wa Amalawi mmodzimmodzi, onse otanganidwa ndi mashifiti ndi ana awoawo. Anaganizira abale a ku Zomba, amene Upile sakanatha kucheza nawo popanda womasulira.

Upile anacheuka n'kufunsa ngati amafuna kunena kanthu.

Iwo anati aimike galimoto pa malo omwetsera mafuta, akufuna awongole miyendo.