Paipi Yoperewera

Whiteson anali pa makwerero m'bafa ya bwana, misomali ili kukamwa, pamene mlamu wake Andireya, khukhi wa panyumbapo, anasuzumira pakhomo. Ataona pomwe fani ikuikidwa, Andireya anakumbukira zomwe anabisa kudenga.

Dona anadandaula kuti makoma akuda ndi nthunzi, ndiye bwana anaitanitsa fani yokoka mpweya kuchokera ku Lusaka. M'tauni yonse ya Fort Jameson, wodziwa za mawaya ndi mapaipi anali Whiteson, ndipo mwiniwake sankalola kuti anthu aiwale zimenezo. Poopa kuboola siling'i yabwinobwino, iye anaika faniyo pa kachitseko kokwerera kudenga. Khomo lina lopitira kumwambako kunalibe.

Kumwambako, kuseri kwa thanki ya madzi, kunali matumba awiri a nsawa zambewu. Anali a Rosina, mlongo wa Andireya, mkazi wa Whiteson yemweyo. Chaka chatha Whiteson anamaliza mbewu yonse posinthanitsa ndi mowa, choncho Rosina anapempha mlongo wake kuti ayibise kumene mwamuna wake sangafike. Andireya anayikweza eni nyumba ali ku tchalitchi.

"Alamu, paipiyo ifika kunja?" anafunsa Andireya.

Whiteson analavulira misomali m'dzanja. "Yaperewera mikono itatu. Ithera m'dengamo."

"Nanga nthunziyo?"

"Nthunzi si mlendo woti ndimuperekeze, ipeza yokha njira. Inu bwererani ku mapoto anu, alamu. Ine ndinakuphunzitsanipo kukazinga mazira?"

Unali mwezi wa Okutobala, malata akuotcha ngati chiwaya. Whiteson analowetsa mutu ndi mapewa okha, nagoneka paipiyo moloza kuthanki, n'kumanga faniyo ndi masikuluwu anayi.

Andireya anaona kuti paipiyo yaloza pa matumba aja. Kuuza bwana kunali kudzichotsa ntchito, chifukwa nyumba ya mzungu si nkhokwe. Kuuza Whiteson kunali kupereka mlongo wake. Khoswe anali atakhala pamkhate. Anadziuza kuti anena mawa.

Mawalo linatenga masabata asanu. Dona ankasamba madzi otentha m'mawa ndi madzulo, bwana kamodzi. Fani ikayamba kulira, Andireya kukhitchini ankamva chisoni, koma ankangopitiriza kusenda mbatata.

Mvula yoyamba itagwa, Rosina anatulukira kuseri kwa nyumba ndi dengu lopanda kanthu. Mizere anali atakonza kale kumunda kwao ku Mtenguleni.

"Achimwene, ndabwerera zija."

Andireya anayang'ana pansi. "Kaitaneni amuna anu. Abwere Lamulungu ndi chomasulira masikuluwu."

Lamulungu, galimoto ya bwana itangotuluka pageti, Andireya anauza Whiteson kuti kuseri kwa thanki kuli matumba oti atsitsidwe, ndipo iye anamasula fani n'kukwera, Rosina ataima pakhomo. Ulendo uno analowa thupi lonse. Mitengo ya denga inali yonyowa, fungo la chuku lili guu. Anatsitsa matumba aja limodzilimodzi, akudontha madzi akuda. Nsawa zina zinali zitamera, mizu yoyera itaboola thumba. Zotsalazo zinkaphwanyika pakati pa zala.

"Pakadafunda padajiwitsa galu, alamu," anatero Whiteson akuseka. "Mukanangonena tsiku lija! Ndi za yani mbewu zatsokazi?"

Whiteson anatembenuza thumba limodzi ndi phazi, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Pangodya panali chigamba cha kaki, chosokedwa ndi ulusi wofiira. Chinali cha buluku lake lakale.

Anayang'ana mkazi wake, nayang'ananso mlamu wake.

"Munkabisira ndani?"

Rosina anagwada n'kuyamba kusankha nsawa zomwe zinali zisanawole. Sizinadzaze ndi kapu yomwe.

Whiteson anapita kuseri kwa khitchini, natola zitini zinayi za palafini, nazidula, nazipinda, naziphatikiza kukhala paipi. Anakwawa nayo pansi pa malata mpaka anaitulutsira kunja, m'mphepete mwa denga. Inamutengera ola limodzi basi.

Madzulo ake dona anasamba, ndipo nthunzi inatuluka bwinobwino panja. Rosina anali atanyamuka kale ndi dengu lake, kukapempha mbewu kwa anansi.