Bipu ya Madzulo

Telala wa pakhonde la golosale ankadana ndi kamawu kamodzi ka Chingerezi: bipu. Mkazi wake sankaimba foni, ankangobipa basi, foni kulira kamodzi n'kudula. Komatu bipu imeneyo inkanena zambiri. Ya m'mawa inali yakuti waiwala makiyi. Kukachita mitambo, inali yakuti alowetse nsalu za eni ake. Ya madzulo ndiye inalibe nkhani, inkangomukumbutsa kuti ali ndi kwawo.

Tsiku lina foni inalira akudula suti ya mkwati, sizasi n'kuphonya. Atafika kunyumba anakalipa.

"Mayi a mwana, ine si mwana wa sukulu woitanidwa ndi belu! Ngati muli ndi mawu, imbani. Kubipa ndi kwa anthu oumira."

"Chabwino, bambo," anayankha mkaziyo. M'mawa mwake ananyamula chikwama, ulendo kwa mkulu wake.

Poyamba telala anasangalala, ati wapeza mtendere. Mtendere wake uti? Makiyi ankaiwala, mvula inanyowetsa madiresi a eni, ndipo dziko lonse linayamba kubipa kupatula foni yake. Lole ikamabwerera m'mbuyo, iye dzanja m'thumba. Mita ya magetsi ikalira m'golosale, iye dzanja m'thumba. Wotchi ya kasitomala inalira akumuyeza m'chiuno, telala mpaka anagwetsa tepi.

"Achimwene, m'thumbamo muli nsabwe kodi?" anafunsa wa golosale uku akuseka. "Tawaimbirani alamu athu, musatifere pakhonde pano."

Anaimba, sanayankhe. Anaimbanso, foni inangolira mpaka kutopa. Apa mantha anamugwira: nanga akapanda kubweranso? Anamusowa mkazi wake, kumusowa kwenikweni.

Dzuwa litapendeka anakhala pa makina, nayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wa golosale amuona. Anadina nambala ija, inalira kamodzi, iye n'kudula msangamsanga. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kubipa!

Posakhalitsa foni inalira, ndipo sinadule mpaka anayankha.

"Bambo a mwana, mwabipatu," anatero mkazi wake. "Paja kubipa ndi kwa anthu oumira. Mukuti bwanji?"



"Ndi ya madzulo ija," anatero telala chapansipansi.



"Ndamva. Mudzandichingamire pa siteji, chikwamachi n'cholemera."