A Masiye ndi Denga la ku Jumeirah

"Dzuwa musandiopseze nalo ine," anatero a Masiye, akudziguguda pachifuwa. "Ndine mwana wa ku Nsanje. Kwathu nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale, iwe umangothira mchere. Ine ndi dzuwa tinayamwa bere limodzi."

Ankanena zimenezi mu Januwale, m'nyumba yokhala anthu okalamba ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, momwe mwana wawo Florah anawapezera chipinda. Florah amagwira ntchito m'ndege, lero ali ku Manila mawa ku Lagos, ndiye mayi ake atamwalira anaona kuti bambo sangakhale okha ku Malawi ndi bondo lawo lovuta lija. A Masiye anabwera ndi masutikesi awiri. Ina inali ya zovala. Inayo, yolemera ngati mlandu, inali ya matchizulo, hamala, sowo ndi kasemasema, pakuti chipumire ntchito ya njanji, moyo wa madalawa unali kusema mabawo.

Vuto linali poti asemere pati. Anayamba m'chipinda mwawo, koma nkhalamba ya ku Lebanon ya chipinda choyandikana inadandaula kuti go! go! go! uja akuikumbutsa nkhondo. Anasamukira m'dimba la maluwa, wosamalira maluwa n'kuwathamangitsa chifukwa cha utuchi. Koimika magalimoto sanafike n'pokhazika thabwa pansi, alonda anali atafika kale.

Mapeto ake nkhani inafika kwa a Rosta, nesi wamkulu wa nyumbayo, mayi wa ku Chipata wosadziwa kuthamanga kapena kukweza mawu. Iwo anawatsegulira kachipinda koyandikana ndi kochapira zovala. Kanali kopanda windo, koma tebulo linalimo, ndipo eyakoni inkapuma mphepo yozizira usana ndi usiku.

A Masiye anasuzumira n'kubweza mutu msangamsanga.

"A sisita, iyi ndi firiji. Mukufuna mundisunge ngati soseji?"

"Atate, malo yena kulibe," anayankha a Rosta m'Chinyanja chawo.

"Alipo. Ndawaona ndekha."

Anali atakwera masitepe a kuseri n'kupeza denga lafulati, lalikulu ngati bwalo la mpira, lopakidwa phula wakuda kuti mvula isamalowe. Kunalibe munthu. Kamphepo kankachokera kunyanja, nyumba zitalizitali za mumzindawo zikuoneka chapatali. Malo otere n'kumangokhala a nkhunda! A Masiye anaona kuti anthu a ku Dubai ndalama ali nazo, koma nzeru anaziiwala ku banki.

Apa m'pamene Che Abudu, dalaivala wa nyumbayo, bambo wa ku Mangochi amene wakhalitsa m'dzikomo mpaka imvi, anayesa kuwachenjeza za dzuwa, n'kulandira yankho la mazira owiritsa lija.

A Rosta sanatsutse. Anangotenga kiyi wa kachipinda kaja n'kumupachika pa msomali, pafupi ndi desiki yawo, m'munsi mwa masitepe.

"Kiyi azankala apa mpaka Meyi asile," anatero. "Mukapanda kumutenga, nizapasa a Nick. Manje denga ikakukanani pambuyo pake, visulo vanu nizakhomela mu sitolo. Khalas, nkhani yasila."

A Nick anali mzungu wa chipinda cha kumapeto, amene ankafuna poyala masitima ake a zidole. A Masiye, munthu woti anagwirako sitima yeniyeni, anaseka mpaka kutsokomola.

"Apatseni lero lomwe, akaziyendetsa m'firijimo."

Miyezi yotsatirayo inali yokoma, tisaname. Che Abudu ankawatolera matabwa otayidwa pa malo omanga nyumba. A Masiye anamanga kamthunzi ka katoni, n'kumasema kuyambira m'mawa, wailesi ya pafoni ikuimba nyimbo za kwawo. Bawo loyamba linatsikira m'chipinda chochezera, ndipo nkhalamba ya ku Lebanon ija, itaphunzira kutakata, inaiwala za nkhondo. Florah akaimba foni ankapeza bambo ake akuseka, zimene zinali zitasowa chichitikire maliro.

Mu Epulo thukuta linayamba kudontha pa thabwa.

"Madala, m'bale wanu uja wayamba kuyandikira," anatero Che Abudu, atabweretsa matabwa.

"Uku n'kupatsana moni chabe, Che Abudu. Inu a ku Mangochi mumathawira m'madzi, mungadziwe chiyani za dzuwa?"

"Inshallah, tidzaona."

"Mudzaona ndithu. Magalasi ndikubwerekani."

Kenako kunabwera chimfine. A Masiye anati chinachokera ku eyakoni ya m'chipinda chodyera, ndipo mwina sankanama. Chinawagoneka pafupifupi Meyi yense, a Rosta akuwamwetsa mankhwala ndi kuwaletsa masitepe. Ali chigonere m'chipinda chozizira, makatani otseka, sanadziwe zimene zinkachitika kunja. Ankangoona kuti Che Abudu akamalowa kudzawazonda, malaya amakhala atamatirira kumsana.

A Masiye anadzuka bwinobwino tsiku lomaliza la mweziwo. Atadya chamasana anavala patapata zawo, n'kulunjika ku masitepe. Pa desiki anapeza a Rosta akulemba, Che Abudu atakhala pa benchi akumwa madzi, ndipo chapambali a Nick atavala chipewa cha woyendetsa sitima, maso ali pa msomali ngati mphaka pa mkaka.

"Atate, osakwela lelo," anatero a Rosta. "Kunja kwaipa."

"Ndikukangomaliza maenje awiri. M'bale wanga wandisowa."

"Yalla, kazipitani, mukamupatse moni," anatero Che Abudu. "Ine ndikhala pompano."

Chitseko cha padenga atachikankha, a Masiye anamva ngati wina wawatsegulira uvuni kumaso. Mpweya unali wonyowa, wolemera, wokana kulowa m'mphuno. Kumwamba kunali koyera ngati ufa, nyumba zitalizitali zija zikuvina. Nkhunda kunalibe ndi imodzi yomwe.

Anaima pang'ono. Anakumbuka kuti pansi pali anthu atatu akudikira, ndiye anayenda.

Kamthunzi ka katoni kanali katapindika. Bawo limene analisiya litatsala maenje awiri linali litang'aluka pakati, kuchokera uku mpaka uku. Anatambasula dzanja kuti atole tchizulo, n'kuiponya pomwepo akuyamwa zala. Chitsulocho chinali ngati changochoka pa makala.

"Ambuye! Dzuwa ili si la ku Nsanje," ananong'ona.

Anati atembenuke, phazi linakana. Anakoka linalo, nalonso linakana. Phula uja anali atafewa, ndipo pa nthawi imene ankalira bawo lawo, patapata zinali zitamira n'kugwira ngati zakhomedwa ndi misomali. Anakoka mwamphamvu. Kachingwe kanaduka, phazi lopanda kanthu n'kutera pa phula.

Bondo lovuta lija, limene madokotala a mayiko awiri analephera, linachira nthawi yomweyo.

A pa desiki anamva phi! phi! phi! pa masitepe. A Masiye anatulukira opanda nsapato, mapazi akuda bii, malaya ngati awaviika m'ndowa, zala ziwiri zili m'kamwa. Sanayang'ane munthu. Anadutsa pamaso pa a Nick, amene anali ataimirira kale, natambasula dzanja labwinolo n'kuchotsa kiyi pa msomali.

A Rosta sanadzutse mutu pa zolemba zawo.

Che Abudu anamaliza kaye madzi awo, n'kuyang'ana mapazi aja.

"Bwanji madala, m'bale wanu uja wakulandani ndi nsapato zomwe?"