Chigubu Chachikasu

Moni inu amene mukuwerenga. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi moyo lero, pakuti si onse amene tinagona nawo adzuka.

Lamulungu limene ana a m'mudzi wina kumtunda kwa Bembeke analandira Ukaristia woyamba, amayi a mphakati anakonza phwando. Thobwa anaphika Alile, mkazi wa Benedicto, mtengwa wochokera ku Linthipe. Dzuwa lisanalowe ana anayamba kusanza, malovu akungochucha, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu. Anathamangira nawo ku chipatala ku boma. Ena onse anachira. Tikondwe, mwana wa a Magadalena, mlongo wake wa Benedicto, anabwerera m'bokosi, atamuveka diresi loyera lomwe analandirira Ukaristia.

Achipatala anati anawo anamwa mankhwala opopera mbewu. Mawuwa atafika kumudzi, funso linali limodzi: wathira ndani? Zala zonse zinaloza mlendo. Pa maliro palibe amene anakhala naye mphasa imodzi.

"Benedicto, sankha," anatero a Magadalena pochokera kumanda. "Mkazi wakoyu azipita kwawo, apo ayi ine si mlongo wako."

Benedicto anangowerama. Abale anagwirizana kuti akangometa maliro, Alile anyamule zake.

Tsiku lometa lisanafike, kunabwera a Zikhalo, a zaumoyo, pa njinga yamoto. Ankalowa khomo ndi khomo kufunsa chimene aliyense anadya ndi kumwa pa phwando paja.

"Adokotala, mwabwera kudzadzutsa wakufa?" anawafunsa a Yohana, mkulu wa kwaya, akusankha mbatatesi pakhonde.

"Ayi bambo, ndabwerera amoyo. Thobwa munamwa?"

"Ine? Funsani akazi anga, anachita kundilanda chikho. Koma m'mimba muli zii."

"Munatunga pati?"

"Mu ndowa, pamodzi ndi akuluakulu onse. Ana anali kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mitengo ya paini. Lawo linapita m'chigubu."

Khomo lililonse linanena zomwezo. Thobwa linali la mumphika umodzi, koma amene anamwa la mu ndowa sanadwale.

A Zikhalo anamupeza Alile akumanga zovala mu chitenje.

"Mayi, chigubu cha ana chija chinali chanu?"

"Ndinabwereka. Ndinathiramo thobwa m'mawa likadali lotentha."

"Munabwereka kwa ndani?"

Alile anasiya kumanga. Anagwira pakamwa. Anali atazindikira.

"Bambo, musandifunse. Mayi uja waika mwana. Bola ine ndipite kwathu, Mulungu akudziwa manja anga."

"Mukapita inu, chigubu chitsala. Tsiku lometa adzathiramonso thobwa. Adzamwe ndani?"

Alile analira mosatulutsa mawu. Kenaka anadzuka, natsogolera njira.

A Magadalena anali pakhonde, kolona ali m'manja. Ataona mlamu wawo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Mwandibweretsera ameneyu kuti adzandiseke?"

"Pepani ndi zovutazi, amake Tikondwe," anatero a Zikhalo atakhala pansi. "Ndione nawo chigubu icho."

Chinali pafupi ndi chitseko, chachikasu, choyera bwino. Pepala lake linali litamatulidwa, koma m'mphepete munatsala kachidutswa kofiira. A Zikhalo anatsegula chivindikiro, nanunkhiza kutali, natsekanso.

"Poyamba munali chiyani umu?"

"Mankhwala a mbatatesi. Koma ndinatsuka! Phulusa, sopo, mchenga, ndinachiyanika padzuwa. Mudzi wonse timatero. Chigubu chabwino ngati chimenechi munthu n'kutaya?"

"Ndikukhulupirira kuti munatsuka, mayi. Koma mankhwalawa amalowerera m'pulasitiki, sopo safikako. Chotentha chikalowa ndi kukhalitsamo, amatuluka. Ndichitenga chikapimidwe. Koma amene adwala ndi okhawo amene anamwa za umu."

Kolona anagwa pansi. A Magadalena anayang'ana chigubu, anayang'ana manja awo.

"Ndinamuumiriza ndine kuti atenge," anatero chapansipansi. "Ndinati alamu, ana asamalimbirane ndowa ndi akuluakulu. Tikondwe anati amayi ndakhuta, ine ndinamuthiriranso. Ndinati imwa mwanawe, lero ndi tsiku lako."

Kulira kumene kunatuluka pamenepo kunaposa kwa kumanda. Anthu anatuluka m'nyumba zawo, naima patali. Alile anagwada, nawagwira mapewa alamu ake. Iwo sanamukankhe, komanso sanamuyang'ane.

Zopima zitabwera zinatsimikiza. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, a Zikhalo anapempha kuyankhula pabwalo la tchalitchi. Sanatchule dzina la munthu. Anangopempha kuti aliyense abweretse chigubu kapena botolo lililonse limene munakhalapo mankhwala a kumunda. Zinaunjikana mulu. Mwina munali madzi akumwa, mwina mafuta ophikira, mwina mchere. A Yohana anabweretsa ziwiri, ndipo tsiku limenelo sanaseketse munthu. Anatenga mpeni, nayamba kuboola chimodzi chimodzi kuti wina asadzachitolenso.

Alile sanapite ku Linthipe. Palibe amene anabwera kudzamupepesa, anthu anangoyambanso kumupatsa moni, maso ali pansi. Benedicto anamasula yekha chitenje cha zovala chija, nabwezera chilichonse pamalo pake.

A Magadalena anasiya kwaya. Amakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, ndipo ana akamapita kutsogolo kukalandira, amaphimba nkhope. M'mawa uliwonse, nkhungu ikadali pa mapiri, Alile amawatulira ndowa ya madzi pakhomo. Masiku ena chitseko chimatseguka, masiku ena ayi.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akutetezeni pamodzi ndi ana anu. Adalitse chimene mukudya ndi chiwiya chimene mukudyeramo, agwire lilime lanu lisafulumire kuweruza mlendo, ndipo atonthoze mayi aliyense amene manja ake achikondi anamubweretsera misozi. Amen.