Chimeza wa Kudambo

Sidik anaiponya pakhonde mbalameyo, miyendo yomanga ndi luzi, khosi lalitali likugwedera.

"Ndiwo za sadaka ya bambo ndi izi, atsibweni. Zingani."

A Hamadi, mlongo wa mayi ake, sanaugwire n'komwe mpeni. Chaka chimenecho, cha 1949, njala inali itafinya mudzi wonse wa kufupi ndi Nsanama. A Usumani, bambo ake a Sidik, anali atangoikidwa m'manda dzana, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale nkhuku yoti anthu obwera kudzapemphera duwa alaweko.

"Kodi imeneyi n'chiyani? Kakowa?"

"Eya, kakowa."

"Iyayi, usandipusitse. Kakowa ndi woyera, amatsata ng'ombe. Uyu wotuwa ndi chimeza, womeza achule ndi njoka. Ine zimenezo sindizinga."

"Onsewo mtundu ndi umodzi, wina wangokula."

"Ndiye bulu ndi mbuzi yaikulu?"

Anakangana mofooka, ngati anthu opunthira mtondo wopanda kanthu. Adzukulu anali atakhala m'mbali mwa chipupa, maso pa mbalame, osalira n'komwe. Kulira kumafunanso mphamvu.

A Rukiya, namfedwa, mayi ake a Sidik, anasuzumira pakhomo. Dzina lakuti chimeza linawalasa mumtima. Miyezi yonse ya njala, akapakula tiphala ta gaga, amuna awo ankakankhira mbale yawo kwa adzukulu. "Ine ndadya kale kudambo ndi anzanga achimeza," ankatero akuseka. "Kuli milamba yambiri m'matope, ndimangootcha konko."

"Bwera nayo kuno, Sidik."

Anaipapasa pachifuwa. Fupa lokhalokha, lakuthwa ngati mpeni. Mayo ine, mbalame yokhala kudambo usana wonse n'kuonda chonchi?

"Nsomba ziliko kudamboko?"

"Nsomba ziti, amayi? Kunauma kalekale, nthaka inachita kung'ambika. Iyi ndaigwira ndi manja, imalephera kuuluka."

A Rukiya anakhala pansi pomwepo. Anachita manyazi, anapsanso mtima, koma misozi sinabwere. Anali atatopa.

"Achimwene, zingani. Dzina lake mukafunse kwa shehe mukakhuta."

A Hamadi anapukusa mutu, anati Bisimila, nazinga.

Msuzi unali wamadzimadzi, wonunkha matope. Alendo atalawa, Sidik anabweretsa kambale ka mayi ake. A Rukiya anakayang'ana pang'ono, kenaka anakakankhira kwa adzukulu.

"Idyani," anatero. "Ine ndadya kale."