Funso la Loya pa Phunziro la Ubongo

Mphunzitsi wa sayansi analowa m'kalasi atatopa kale, chonsecho inali piriyodi yoyamba. M'mawa umenewo anali atasambitsa bambo ake, kuwaveka ndi kuwamwetsa mankhwala, ndipo pomaliza bambowo anamuthokoza mwaulemu: "Zikomo anesi. Mukamuona mwana wanga mumuuze adzandione." Chinali chaka chachitatu chiwayambire matenda oiwalaiwala.

Anapachika tchati cha ubongo pabolodi, chong'ambika ngodya imodzi, n'kuyamba kuloza ndi rula. Apa ndi pothandiza kuona, apa kumva, apa ndi posunga zimene timakumbukira. Mawu ankangotuluka okha, poti phunziroli anali ataliphunzitsa kwa zaka zambirimbiri.

Mtsikana wina, amene anzake ankamutchula kuti Loya chifukwa chokonda mtsutso, anakweza dzanja.

"Madamu, ndiye kuti ubongo ukawonongeka munthu amaiwala zonse?"

"Akhoza kuiwala."

"Ngakhale Mulungu?"

"Wayambatu Loya," anatero wina kumbuyo, kalasi n'kuseka.

"Sindikuchita nthabwala," anatero mtsikanayo. "Inu mumapemphera, Baibulo lanu timaliona pa desiki. Munthu woti waiwala kuti kuli Mulungu, chikhulupiriro chake chapita kuti? Akamwalira amakafika kumeneko ngati ndani?"

Mphunzitsiyo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Panatsala mphindi makumi awiri. Akanatha kunena kuti zimenezo mulibe mu silabasi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma miyendo inali italema, ndipo anangokhala pa ngodya ya tebulo, rula ili m'manja. Bambo ake anali mkulu wa mpingo kwa zaka makumi anayi. Sabata yapitayo iye atawayambira pemphero la Ambuye, anangomuyang'ana n'kumufunsa ngati basi yafika.

"Zonse sindikuzidziwa," anatero. "Bambo anga ndi mmene alili. Dzina langa sakulidziwa, kupemphera anaiwala."

Anaika rula ija pa tebulo n'kupitiriza.

"Sayansi inandiuza zimene zikuchitika m'mutu mwawo, ndipo sinaname. Koma ndikamawasambitsa sindisambitsa mlendo ayi. Iwo anandiiwala, ine sindinawaiwale. Ndimakhulupirira kuti Mulungunso sanawaiwale, ndipo amawasunga bwino kuposa ine, chifukwa ine ndimatopa. Masiku ena ndimawakalipira, kenako ndimachita manyazi."

"Koma umenewo si umboni, Madamu."

"Si umboni. Usakalembe pa mayeso, ungakalakwe." Ena anaseka chapansipansi. "Ndi chimene chimandidzutsa m'mawa basi."

Anaimirira n'kupitiriza phunziro, koma sanalimalize. Belu litalira ana anathamangira panja, Loya yekha n'kutsalira, akunamizira kumanga zingwe za nsapato.

"Mayi anga anachita sitiroko chaka chatha," anatero osadzutsa mutu. "Salankhula. Ndikafunsa kunyumba azakhali amati ndikuchimwa, ndisamakayike."

Mphunzitsiyo anamuyandikira.

"Kufunsa si tchimo, mwanawe. Ine ndimamufunsa Mulunguyo tsiku ndi tsiku, nthawi zina mokalipa ndithu. Sanandiyankhe zonse, komanso sanandithamangitse." Kenako anafunsa: "Amawanyamula ndani mayiwo, powatembenuza pabedi?"

"Ine, ndisanabwere kuno."

"Msana sukupweteka?"

Mtsikanayo anagwedeza mutu kuvomera.

"Ubwere pa buleki, ndikuonetse kanyamulidwe kake. Pali pogwira, sumangokoka mikono. Ine ndinadziwa mochedwa, ndi chifukwa chake ndimayenda ngati nkhalamba."

Loya anamwetulira pang'ono, n'kutola chikwama chake. Kuti yankho lamukhutiritsa sanatero, ndipo mphunzitsiyo sanamufunse. Anapinda tchati chija, kukumbatira mulu wa makope osachonga, n'kulowera ku kalasi ina, komwe phokoso linkamveka kale kuchokera pakhonde.